Koleji zazing'ono za Akatolika kufupi ndi Mulanje ndi Thyolo: zokoma zake, zovuta zake, ndi zoti mukaone musanalipire fizi

Mwana akakhoza MSCE koma dzina lake osatuluka pa mndandanda wa opita ku mayunivesite a boma, makolo a ku Chitakale, Limbuli, Luchenza ndi Bvumbwe amayamba kufunsafunsa za sukulu za mishoni. Za Akatolika zoyandikira kuno n'zodziwika. Ku Phalombe, komwe mpaka 1998 kunali mbali ya boma la Mulanje, kuli koleji ya unamwino ndi uzamba ya Holy Family, pamalo amodzi ndi chipatala cha mishoni. Mumadzera msewu wa ku Chitakale wolambalala phiri. Ku Nguludi m'boma la Chiradzulu kuli ya St Joseph's, nayonso ya anamwino ndi azamba, ndipo chapafupi pomwepo pali Catholic University of Malawi imene maepiskopi adaikhazikitsa mu 2004 n'kuyamba kuphunzitsa mu 2006. Wochokera ku Mulanje amakwera minibasi ya msewu wa Midima, n'kutsika pokhotera ku Nguludi.

Ndemanga ino ikunena za mtundu wa sukulu zotere: koleji yaing'ono ya mpingo, yogonera konko, ya ophunzira mazana ochepa, makamaka yophunzitsa unamwino. Maganizo athu tiwanene pachiyambi pomwe. Ndalama yolipira kumeneko siipita pachabe, ndipo mwana wofatsa amene akanamira pakati pa chinamtindi cha ku yunivesite yaikulu amakula bwino m'malo otere. Koma ubwino wonsewo wagona pa kuchepa kwa anthu. Koleji ikayamba kulemba ophunzira oposa mabedi, madzi ndi mawodi amene ili nawo, chimene munalipirira chija chimatha pang'onopang'ono, chikwangwani cha pachipata chili chomwe chija. Zovuta zimene titchule pano sitikuloza nazo koleji imodzi. Ndi matenda amene amagwira sukulu yaing'ono iliyonse ikamakula, ndipo tikuzinena kuti mukathe kuzifufuza nokha kumene mukufuna kutumiza mwana wanu.

Musanayang'ane nyumba, yang'anani mapepala. Kukhala ya mpingo si chilolezo. Maphunziro a unamwino ayenera kukhala ovomerezedwa ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, pakuti khonsolo imeneyi ndi imene imalembetsa mayeso otsiriza n'kupereka laisensi, ndipo wopanda laisensi saloledwa kugwira ntchito ya unamwino m'dziko muno. Ngati ndi digiri, funsani ngati kosi yeniyeniyo ili pa mndandanda wa NCHE, bungwe la boma lovomereza maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite, osati dzina la sukulu lokha. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa: sukulu imatha kukhala yovomerezeka, kosi imene yangoyambitsidwa kumene isanaunikidwe. Funsaninso ku ofesi yolembera ophunzira ngati kosiyo imalandira ngongole ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a sukulu zaukachenjede. Musawerengere ngongole imene simunaitsimikize.

Chokoma chachikulu cha koleji yotere ndi chipatala chimene chili khomo ndi khomo ndi kalasi. Dipuloma ya Nursing and Midwifery Technician imatenga zaka 3, ndipo nthawi yambiri mwa zaka zimenezi mwana amakhala ali mu wodi, osati pa desiki. Amayamba ndi kuyala bedi, kusambitsa wodwala, kuyeza kutentha kwa thupi ndi BP. Kenako jakisoni, diripi, kutsuka mabala, sikelo ya ana ndi ya amayi oyembekezera, mpaka kufika ku leba. Chilichonse chimalembedwa m'buku lake, namwino woyang'anira n'kusaina kuti waona ndi maso ake mwanayo akuchita bwino. Hositelo ikakhala kuseri kwa chipatala, wophunzira wa ntchito ya usiku amangoyenda pang'ono wafika, osasowa ya kabaza kapena kuopa mdima. Mphunzitsi amene anaphunzitsa za kuthamanga kwa magazi Lolemba amatha kutulukira mu wodi Lachitatu n'kufunsa mwana yemweyo pambali pa bedi la mayi wotupa miyendo. Kalasi ikakhala ya anthu 40 kapena 50, wojomba amadziwika tsiku lomwelo, ndipo amene wayamba kubwerera m'mbuyo amaitanidwa mayeso asanamugwetse. Zimenezi n'zimene sitingazisinthanitse ndi nyumba zosanja.

Pali chovuta chimene makolo ambiri sauzidwa. Chipatala cha mishoni n'cholipira, choncho odwala ake amachepa poyerekeza ndi cha boma, ndipo matenda ena safikako. Kuti buku lija lidzaze, ophunzira amatumizidwa ku zipatala za boma monga cha Mulanje, Thyolo kapena Chiradzulu, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Maphunziro a njira zamakono zakulera nawonso amakachitira ku zipatala za boma, popeza za Katolika sizipereka njira zimenezo. Kumeneko amakakumana ndi anzawo a makoleji ena, aliyense ndi buku lake m'manja. Mayi mmodzi akayamba kumva kupweteka, ophunzira anayi kapena asanu akumudikira, pamene khonsolo imafuna kuti aliyense abereketse yekha amayi okwana chiwerengero choikika. Wamanyazi amatsalira. Chaka chomaliza chimamupeza akupempha ntchito za usiku ndi za patchuthi kuti akwanitse. Ndiye funsani mafunso awiri musanasaine kalikonse: ana akatumizidwa kutali, malo ogona, chakudya ndi thiransipoti amalipira ndani, ndipo mphunzitsi wa koleji amapitako kangati pa sabata kukawaona? Yankho likakhala lakuti anamwino a komweko ndi amene amawayang'anira, dziwani kuti namwino mmodzi wosamalira wodi yodzaza alibe mpata wophunzitsa ana khumi.

Tsopano za kukula. Koleji ya mpingo imadalira fizi, ndiye mitengo ya zinthu ikakwera, njira yachidule ndi kuwonjezera ophunzira. Sitikudzudzula kukula, dziko likusowa anamwino. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope ake amayambira pa mpope.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu mmodzi wogonera pasukulu, kusamba, kuchapa, chimbudzi chogejemula ndi kukhitchini, muikireni malita 50 patsiku, ndipo kumeneko n'kuumira. Ophunzira 200 ndi malita 10,000 tsiku lililonse. Ngati pamwamba pa nsanja pali thanki imodzi ya malita 10,000, ndiye kuti madzi osungira ndi a tsiku limodzi basi. Muwonjezere ophunzira 100 pa thanki yomweyo, mpope uyamba kuuma chakumasana, ndipo oyamba kuvutika ndi a hositelo ya kumtunda kapena ya kumapeto kwa paipi. Kuno madzi ambiri amatsika okha kuchokera m'phiri, zimene n'zotsika mtengo, koma mvula yamphamvu imakokolola mapaipi, monga tidaonera ndi namondwe wa Freddy mu March 2023 pamene milatho ndi misewu ya ku Mulanje ndi Phalombe idaduka. Kumene amapopa ndi magetsi a ESCOM, magetsi akazima madzinso amathera pomwepo. Koleji yokonzeka imakhala ndi mjigo wapadera, kapena pampu ya sola, ndi mathanki osunga madzi a masiku awiri kapena atatu. Mukapita kukaona malo, musatsegule mpope wa pafupi ndi ofesi. Pemphani kuti mukatsegule wa ku bafa ya hositelo yakutali, chakumadzulo. Mukatero zungulirani kuseri mukaone dzenje la zimbudzi: likamangidwa poyembekeza anthu 100 n'kumalandira 200, limasefukira nyengo ya mvula, ndipo mphuno idzakuuzani musanafike.

Chipinda chimene chidamangidwira anthu awiri chimalandira anayi pongoika mabedi osanjikiza, koma zenera, soketi ya magetsi ndi loka sizichuluka nawo. Zotsatira zake ndi mawaya olumikizalumikiza pa soketi imodzi, zovala zopachika paliponse, ndi nsikidzi zimene zikalowa m'matabwa a bedi sizitha ndi kupopera kamodzi; pamafunika kutulutsa matiresi padzuwa ndi kupoperanso patapita sabata ziwiri kuti zoswa kumene zife. Malo akatheratu, ena amauzidwa kuti akapeze nyumba za lendi kumudzi wozungulira. Pamenepo ndiye kuti ubwino uja wa hositelo yoyandikana ndi wodi wachoka, ndipo mwana wamkazi wochokera ku ntchito ya usiku akuyenda yekha m'kanjira ka m'munda. Ngati kalata yoitana mwana siikunena momveka kuti malo ogona alipo, imbani foni mufunse, ndipo yankho lake likhale lolembedwa.

Kukhitchini masamu ake ndi omwewo. Wachinyamata wodya nsima kawiri patsiku amatha ufa wokwana magalamu pafupifupi 400. Anthu 200 ndi makilogalamu 80 patsiku, matumba 48 a makilogalamu 50 pamwezi ngati ndi mgaiwa, phala la m'mawa tisanaliwerengere. Ufa woyera umafuna chimanga choposerapo chifukwa pokonola pamachoka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Koleji yoyendetsedwa bwino imagula chimanga ndi nyemba pakati pa May ndi July mitengo ili pansi, n'kuthira mankhwala a nankafumbwe kapena kusunga m'matumba osalowa mpweya. Yogula mwezi ndi mwezi imakomana ndi mitengo ya January ndi February, ndipo mudzaona nsima ikuchepa, nyemba zofumbwa, nyama ikusowa pa tsiku lake. Mwayi wa chigawo chino ndi wakuti zokhwasula n'zosasowa: nanazi, mapeyala, nthochi, chinangwa ndi mbatata zimapezeka pafupi pa nyengo yake, ndiye ndalama yochepa ya m'thumba imathandiza ndithu. Mwana wa zilonda za m'mimba kapena wosadya zakudya zina chifukwa cha chipembedzo akanene kwa oyang'anira hositelo sabata yoyamba, osadikira kudwala.

Chipinda chophunziriramo ndi zidole, chimene amachitcha skills lab, muchionenso. Chidole chimodzi chophunzirira kubereketsa chikagawidwa kwa ana 10, aliyense amagwira kangapo pa phunziro limodzi. Chikagawidwa kwa 40, ambiri amangoonerera, n'kukayamba kuphunzirira pa mayi weniweni. Za layibulale ndi intaneti sitichulukitsa: mabuku amakhalapo koma ochepa, Wi-Fi imafooka madzulo aliyense akalowapo, ndiye muikiretu padera ndalama ya bandulo.

Polongedza katundu, kumbukirani chiperoni. Kuyambira May mpaka August kumatha masiku atatu dzuwa osaoneka, kamvula kakuwaza, ndipo yunifolomu yochapidwa madzulo siiuma pofika m'mawa. Mayunifolomu awiri sakwana, mugule atatu. Bulangeti lokhuthala, juzi yovomerezeka kuvala pa yunifolomu, nsapato zafulati zotseka, neti ya udzudzu, ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro, tochi yotchaja, loko wa pa loka, ndi wotchi yokhala ndi muvi wa masekondi yowerengera kugunda kwa mtima. Zida monga stethoscope ndi makina a BP dikirani mndandanda wa koleji, chifukwa zina amagulira limodzi motsika mtengo.

Moyo wachipembedzo ndi woonekera, ndipo kwa ife ndi mbali ina ya ubwino wake. Kumakhala Misa, kwaya, korona m'miyezi ya May ndi October, Njira ya Mtanda Lachisanu lililonse la nyengo ya Lenti, ndi magulu monga YCS, gulu la ophunzira achikhristu. Bambo mfumu kapena asisiteri amakhala pafupi, ndipo mwana amene waona imfa koyamba mu wodi, kapena wamva uthenga wa maliro kumudzi, amapeza wamkulu wokhala naye pansi. Ophunzira si Akatolika okhaokha. A CCAP, Asilamu ndi a mipingo ina amaphunzira nawo. Kuno ku Thyolo a Seventh-day Adventist ndi ambiri chifukwa cha mishoni ya Malamulo, choncho kholo la mwana wosunga Sabata lifunsiretu za makalasi, mayeso ndi ntchito za mu wodi za Loweruka. Malamulo a koleji amakhala okhwima: nthawi yotseka geti, chilolezo chotulukira, kavalidwe, mowa, alendo ku hositelo. Pemphani kabuku ka malamulo muwerenge pamodzi ndi mwanayo, makamaka ndime yonena za wophunzira amene watenga mimba, ngati amaloledwa kubwerera, patapita nthawi yotani, komanso fizi imene idalipiridwa kale imatani. Nkhani imeneyi ndi yovuta kuikamba ndi mwana, koma kuidziwa mochedwa kumapweteka koposa.

Mbali imene imatikhumudwitsa kwambiri m'makoleji ang'onoang'ono ndi ya ophunzira akale. Chikondi pa sukulu yawo ali nacho chambiri, ndipo ali ponseponse: m'zipatala za boma, za mipingo zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, m'mabungwe, ena ku South Africa, ku Ireland ndi ku UK. Chosowa ndi dongosolo. Kawirikawiri zimayamba ndi gulu la pa WhatsApp la kalasi imodzi. Anthu amasonkha mwachangu pa maliro ndi pa ukwati, zimene n'zabwino. Wina akabweretsa ganizo lolipirira fizi wophunzira wovutika, ndalama zimatumizidwa ku nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi wodalirika. Munthuyo sakhala wakuba, koma ndalama za gulu zimasakanikirana ndi zake, ndalama yodula potapa siilembedwa, lipoti limachedwa, wina amafunsa mwaukali, ndipo gulu limazizira. Chaka chotsatira palibenso wosonkha, mwana uja n'kutsala panjira ali chaka chachiwiri.

Bungwe la ophunzira akale limene limagwira ntchito mudzalizindikira ndi zinthu zooneka. Limakhala ndi malamulo olembedwa ndipo limalembetsedwa, mwachitsanzo pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act, kuti litsegule akaunti ya ku banki m'dzina lake. Osainira amakhala atatu, awiri n'kumasaina pa ndalama iliyonse yotuluka, ndipo msungichuma sakhala yemwenso akuwerengera mabuku. Zopereka zimakhala zazing'ono koma za mwezi ndi mwezi, zodulidwa ku banki pa tsiku la malipiro, chifukwa kudalira kukumbutsana n'kumene kumapha mabungwe. Tiyerekeze anthu 100 akupereka K5,000 aliyense pamwezi: ndi K500,000 pamwezi, K6 miliyoni pachaka, popanda wina kumva kulemera. Phwando limodzi la pachaka, mukachotsa za holo, chakudya ndi zoimbira, silingadalirike chomwecho. Omaliza kumene asakakamizidwe, pakuti ambiri amakhala miyezi kapena zaka akudikira kulembedwa ntchito. Awa angopereka nambala zawo ndi kumene ali, ndipo mndandanda umenewu uyambe kulembedwa tsiku lolandira masatifiketi anthu asanabalalike.

Kagawidwe kake n'kofunika chimodzimodzi. Ndalama ya fizi ipite molunjika ku akaunti ya koleji m'dzina la wophunzirayo, risiti n'kuikidwa pa gulu. Osankha oti athandizidwe akhale komiti yokhala ndi woimira aphunzitsi, woimira ophunzira ndi wa bungwe, ndipo mfundo zake zidziwike, kuti pasamveke zoti wathandizidwa chifukwa ndi mwana wa akuparishi. Ife timaona kuti ndi bwino kuyambira a chaka chomaliza amene atsala ndi ngongole yochepa yowatsekereza mayeso, chifukwa pamenepo ndalama yochepa imatulutsa namwino wathunthu. Komanso bungwe lisalonjeze ana asanu chaka chimodzi pamene mphamvu yake ndi ya ana awiri kwa zaka zitatu. Lisasungenso ndalama nthawi yaitali podikira ntchito yaikulu. Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene ankasonkhera nyumba adapeza kuti ndalama yawo yagula simenti yochepa. Thanki ya madzi, matiresi 50, chidole chachiwiri cha mu skills lab kapena mabatire a sola a ku layibulale n'zinthu zogulika msanga, zooneka, ndipo wosonkha akaona chithunzi chake amasonkhanso.

Thandizo lina silifuna ndalama konse. Namwino amene adaphunzira pakolejipo, ndipo lero ali pa leba ya chipatala cha boma, akadziwitsidwa kuti kukubwera ana asanu ndi mmodzi a kwawo, amawalandira, kuwapezera nyumba yabwino ya lendi, kuwagawira amayi oti abereketse mwachilungamo, ndi kuwasainira zimene achitadi. Ena amabwera Loweruka limodzi kudzakonzekeretsa a chaka chomaliza mayeso a khonsolo, kapena kuwaonetsa kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito. Kuti zimenezi zitheke, koleji iyenera kukhala ndi munthu mmodzi wodziwika amene ntchito yake ndi kusunga mndandanda wa akale ndi kuwaimbira. Ndipo koleji nayo ichite mbali yake: wophunzira wakale amene wayenda maulendo atatu kuchokera ku Muloza kudzafuna transcript (chikalata cha zotsatira za maphunziro ake) osathandizidwa sadzaperekanso kanthu. Mukapita kukaona sukulu, funsani dzina la wapampando wa bungwe la akale ndi lipoti lawo lomaliza la zachuma. Zikapezeka mosavuta, ndi chizindikiro chabwino cha kayendetsedwe ka koleji yonse.

Kunena za fizi, musawerengere ya semesita yoyamba yokha. Lembani ya zaka zonse, muwonjezerepo kuti idzakwera, kenako muikepo yunifolomu, ulendo wa ku zipatala zakutali, ndalama yolembetsera ku khonsolo ndi ya mayeso a laisensi. Funsani kuti amafuna gawo lanji mwana asanalowe m'kalasi, ndipo yotsalayo iyenera kutha liti. Kwa banja lodalira tiyi, nandolo kapena malipiro a ku esiteti, nenani poyera kwa akauntanti miyezi imene ndalama imabwera, mugwirizane molemba. Makoleji a mpingo amamva kholo lobwera msanga kusiyana ndi lobwera sabata ya mayeso. Lipirani ku banki, pa akaunti yolembedwa m'kalata ya koleji, osati pa nambala ya foni ya munthu amene akuti akuthandizani kupeza malo. Pa silipi ya ku banki lembani dzina ndi nambala ya wophunzira, muijambule pa foni, ndipo mwanayo akafika akaisinthitse ndi risiti ya koleji tsiku lomwelo.